Zomba, Ntchembere Yosiyidwa m'Tsinde mwa Phiri

Ukamuuza munthu wa ku Blantyre kuti mawa ukupita ku Zomba, sathamangira kukufunira ulendo wabwino. Amayamba wakuyang'ana kaye kumaso, kenako n'kufunsa akumwetulira kuti, "Kundende kapena ku Mental?" Ukakana zonse ziwiri amangoti basi, ndiye kuti muli ndi mwana ku Chanco. Tauni imene inalamulira dziko lino kwa zaka 84 yatsala kudziwika ndi akaidi, odwala misala ndi ana asukulu.

Ine ndinapitako chifukwa cha amalume anga. Iwowa analowa ntchito ya ukalaliki m'boma mu 1961, ndevu zisanamere bwino, ndipo anakhala ku Zomba mpaka pamene ofesi yawo inasamukira ku Lilongwe. Atapuma pantchito sanapondekonso. Maso atayamba kuchita nkhungu anandiitana tsiku lina n'kunena kuti, "Mphwanga, undiperekeze ndikaione Zomba ndisanayambe kupapasa." Ndinabwereka galimoto kwa mnzanga, ndipo tinanyamuka ku Limbe mbandakucha, kumayambiriro kwa Okutobala.

Mtunda wake sukwana makilomita 70. Mumadutsa pa Njuli, phiri la Chiradzulu lili kudzanja lamanja, kenako Namadzi, kenako Thondwe pamene tomato ndi kabichi zimachita kusefukira mumsewu tsiku la msika. Amalume anali duu mpaka pa Namadzi, pomwe analoza chakum'mawa kumene kuli Magomero. Kumeneko ndiye kumene anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, mkulu wa esiteti ya Bruce, mu Januwale 1915. Lamulo lokawasaka anthuwo ndi kugwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe linachokera ku tauni imene tinkapitayi. "Dziko lonse linkamvera phiri limenelo," anatero amalume, akuloza chinthu chakuda chimene chinali chitayamba kuoneka kutsogolo kwathu m'kati mwa utsi wa lupsa.

Musanalowe m'tauni, choyamba kukulonjerani ndi nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba. Ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, a Keyala monga ankanenera makolo athu, amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Pafupi pomwepo pali Cobbe Barracks, kampu imene inatenga dzina la Alexander Cobbe, mzungu amene anatsogolera asilikali a kuno ku nkhondo ya ku Somaliland mu 1902. Tinakwera masitepe pang'onopang'ono, amalume akupumira m'njira. Pa nsanjapo pali mayina oposa 1,000 a anthu amene anatsala kunkhondo. Ambiri ndi dzina limodzi lokha, lopanda la bambo, lopanda mudzi, ngati kuti munthuyo anangophuka m'nthaka tsiku limene anamulemba usilikali.

Amalume anavula chipewa, nayendetsa chala pa mizere ija, ngakhale ndikudziwa kuti zilembozo sankaziona bwino. "Usavutike kufufuza," anatero. "Akwathu mulibemo." Nkhondo imeneyo, imene anthu ankaitcha ya chiwaya potengera mfuti yolira mosapumira ija, inatenga amuna pafupifupi 19,000 a m'dziko lino ngati asilikali. Koma ogwidwa kukasenza katundu, amtengatenga, anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse pamodzi ankangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Agogo anga, bambo a amalumewa, anali mmodzi wa iwo. Anasenza mabokosi a zipolopolo ndi matumba a mpunga kudutsa Karonga kulowa m'dziko la Ajeremani, nabwerako ndi chifuwa chimene anafa nacho patapita zaka zambiri. Mng'ono wawo sanabwereko. Womwalira ndi kamwazi kapena njala m'njira dzina lake silinkafika pa nsanja. Chilembwe uja anali atadandaula kale za nkhondoyi m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, miyezi iwiri yokha asanatenge mikondo.

Ine ndinkafuna tithamangire kumtunda kumene kuli nyumba zakale zimene alendo amajambula. Amalume anakana. "Zomba sayambira kumwamba. Ife tinkayambira pansi." Ndiye tinakaimika galimoto kumsika.

Msika wa Zomba umayamba kukupeza ndi fungo. Matemba a ku Chilwa ataunjikidwa timilutimilu, mpunga wonunkhira wa m'madambo a kunyanjako, nandolo, kalongonda, therere louma. Chakuseri osula zitini akungoti khokhokho pa ndowa ndi mbaula, moti polankhula umachita kukuwa. Mayi wina wa matemba anayamba kutitsatsa m'Chichewa, atamva kalankhulidwe ka amalume n'kusinthira ku Chiyao, ndipo mnzake wapambali ankamuseka m'Chilomwe. M'zilankhulo zitatuzo muli mbiri ya derali azungu asanalote zomangapo ofesi. Oyamba anali Anyanja, alimi ndi asodzi, amene David Livingstone anawapeza pamene anafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. Cha m'ma 1860 kunafika Ayao, ndipo mayina a mafumu awo, a Malemia, a Mlumbe, a Chikowi, a Kuntumanji, ndi ena mwa amene akugawa boma la Zomba mpaka lero. Alomwe anayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza ndi chibalo cha Apwitikizi, n'kudzagwera m'maesiteti a azungu a kuno.

Titatuluka mumsika amalume anandiimika pakhonde la sitolo ina yakale ya amwenye, ija ya nsanamira zonenepa ndi malata a dzimbiri, n'kundiuza kuti ndikweze maso. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene anakanira kuyambira kumwamba. Zomba anaimanga ngati makwerero. Pansi penipeni, kumene kuli fumbi, kutentha ndi udzudzu, kunali malayini a anthu akuda: amesenjala, makalaliki, apolisi, ochapa. Pamwamba pang'ono masitolo a amwenye ndi mzikiti. Kenako bwalo la gofu ndi kalabu, udzu wobiriwira umene unkagwira ntchito ya mpanda ngakhale panalibe waya. Kupitirira apo maofesi. Ndipo pamwamba pa zonse, mumthunzi wa mitengo kumene kumawomba kamphepo ka kuphiri, nyumba za azungu, nazonso motsata maudindo: bwana wamkulu pamwamba, wachiwiri wake pansi pake. Mtsinje wa Mulunguzi unkayamba wadutsa m'madimba mwawo usanatsikire kwa ena onse. "M'mawa tinkakwera, madzulo tinkatsika," anatero amalume. "Wakuda wogona kumtunda anali khukhi kapena wam'dimba, m'kanyumba ka kuseri." Palibe chikwangwani chimene chimafotokoza zimenezi. Miyendo ndiyo imakuuza ukamakwera.

Nyumba yakale koposa mwa zimene zatsala ndi imene lero ikutchedwa Hotel Masongola. Ndi ya njerwa, makoma ake ochindikala, yokhala ndi nsanja ziwiri zosongoka, ndipo anthu amati dzinalo linachokera ku nsonga zomwezo. Inamangidwa mu 1886, boma la atsamunda lisanakhazikike n'komwe. Woimanga anali John Buchanan, ndipo nkhani yake payokha ndi yopatsa chidwi. Anabwera mu 1876 ngati wosamalira dimba pa mishoni ya Blantyre. Atachotsedwa ntchito pa mlandu uja wa amishoni okwapula anthu mwankhanza, anasamukira m'mbali mwa Mulunguzi n'kuyamba kulima khofi ndi nzimbe pamodzi ndi abale ake. Pamene kazembe wa Britain, Hawes, anafuna nyumba, Buchanan ndiye anagwira kontirakiti. Patangotha zaka zitatu, mu 1889, munthu yemwe uja wochotsedwa pamishoni, tsopano akugwirizira ukazembe, ndi amene analengeza kuti mapiri a Shire ali m'manja mwa Britain, pofuna kutsekereza Serpa Pinto ndi Apwitikizi amene ankakwera ndi mtsinje. Dziko limayenda choncho nthawi zina: wakuba nkhuku dzulo, mawa ndi nyakwawa.

Harry Johnston atafika mu 1891 analowa m'nyumba imeneyi n'kuisandutsa likulu. Blantyre inali yaikulu kale, koma kunali amishoni ndi amalonda amene sankachedwa kutsutsana naye. Ku Zomba kunali madzi osaphwa, kozizira bwino, komanso pafupi ndi njira zimene ogulitsa akapolo ankadutsa polowera kunyanja ya mchere. Anaitanitsa asilikali a Chisikhi ku India, ndipo mmodzimmodzi mafumu amene anakana kugonja anathyoledwa. Kawinga, amene anali ndi linga lake pa phiri la Chikala, anagonjetsedwa mu 1895. Tisanamizane, malonda a akapolo anathadi ndi nkhondo zimenezi, ndipo panali midzi imene inayamba kugona tulo kwa nthawi yoyamba. Koma dzanja limene linamasula goli ndi lomwelo linabwera ndi chiphaso cha msonkho. Masheleni 3 pa nyumba iliyonse, m'dziko limene ndalama kunalibe, ndiwo anakankhira anthu ku thangata ndi ku ulendo wa ku Halale ndi ku Joni. Ngakhale liwu loti boma, limene timalitchula tsiku ndi tsiku osaganizira, linabwera nthawi imeneyo kuchokera ku Chiswahili, ndipo tanthauzo lake ndi mpanda.

Tinamwa tiyi pakhonde la nyumbayo. Amalume anakhala chowongoka, chipewa chili pabondo, ngati akudikira kuitanidwa. Ndinawauza kuti atsamire, talipira. Anaseka, koma sanatsamire.

Kutsika pang'ono kuchokera pamenepo kuli dimba la mitengo limene Alexander Whyte analiyambitsa nthawi ya Johnston yomweyo, poyesa mbewu zimene zingakule kuno. Whyte ndi amene dzina lake linamatidwa pa mkungudza wa ku Mulanje m'mabuku a akatswiri, ngati kuti anthu a ku Mulanje ankaudikira iye kuti audziwe. Lero m'dimbamo mumapezeka ana a ku Chanco atagona pa udzu ndi mabuku, akwati akujambulitsa pa kamlatho, ndi apusi akudikira kuti wina ataye khoko la nthochi. Tinangodutsamo.

Kumene tinakhalitsa ndi ku maofesi akale a boma, nyumba zazitali za njerwa ndi makhonde aatali, mijakaranda itathira maluwa ake pansi ngati wina wayala chitenje. Maofesi oyambirira anapsa mu 1919, ndipo moto umenewo unanyeketsa makalata ambiri a zaka zoyamba za utsamunda. Zimene zinalembedwa pambuyo pake zikusungidwa m'tauni momwemu ku National Archives, imene inayamba mu 1947. Aliyense wofuna kudziwa mmene malire a mfumu yakwawo anadulidwira, kapena chifukwa chimene agogo ake anamangidwira mu 1959, njira yake imathera ku Zomba. Makina osindikizira a boma nawonso sanasamuke, chimodzimodzi ofesi ya kalembera wa anthu ndi ya mayeso a MANEB. Mwana wa Fomu 4 wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amayang'anabe ku Zomba mtima uli m'mwamba, monga ankachitira makolo ake pa zifukwa zina.

Chapafupi pali nyumba ya malamulo yakale. Ndi yaing'ono modabwitsa; matchalitchi ambiri a m'tauni za lero akuiposa. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa mu 1907, chaka chimene dziko linatchedwa Nyasaland, koma panatha zaka zoposa 40 munthu wakuda asanakhalemo pampando. Awiri oyamba analowa mu 1949, ochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 munalowa asanu, pakati pawo Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata a magazi otentha amene mafunso awo okhudza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ankawerengedwa m'midzi ngati nkhani za mpira. Ku Zomba konkuno bwanamkubwa Robert Armitage analamula gwiragwira wa pa 3 Malichi 1959, ndipo konkuno Dr. Banda anafikira pa 1 Epulo 1960 atatulutsidwa m'ndende ya ku Gwelo, kudzakumana ndi nduna ya Britain, Iain Macleod, ku nyumba ya bwanamkubwa imene lero ndi State House.

Zonsezi ndinkazidziwa za m'mabuku. Zimene sindinkadziwa ndi zimene amalume anandiuza titakhala pa kakhoma moyang'anana ndi nyumbayo.

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Pofika Seputembala, miyezi iwiri yokha, nduna zinali zitasemphana ndi Dr. Banda. Nkhani zake zinali za tiki imene anthu anayamba kulipira kuchipatala, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, za maudindo amene ankakhalabe m'manja mwa azungu, ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi. Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula okha pansi maudindo. Pa 8 ndi 9 Seputembala aphungu anakambirana nkhaniyi m'nyumba yaing'onoyi, ndipo kunja kunali khwimbi la anthu. "Ife makalaliki tinali mbali ya nduna," anatero amalume motsitsa mawu, ngakhale panalibe wina pafupi koma mnyamata wogulitsa mayunitsi. "Tinkati ufulu ukabwera tikwera. Tinaona kuti mzungu akadali pa desiki lake lomwe lija, ife tikadali kunyamula mafayilo." Kumapeto kwa mwezi umenewo m'misewu ya Zomba munabuka chipwirikiti pakati pa ogwira ntchito m'boma ndi anyamata a chipani amene anabwera nawo pa malole. Maofesi anatsekedwa. Amalume anapinda mkono wa malaya n'kundionetsa chipsera chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira ndili mwana. Kwathu tinkauzidwa kuti anagwa panjinga.

Mu Febuluwale 1965 Chipembere ananyamuka ndi anthu ake ku Fort Johnston, ku Mangochi kwa lero, ulendo wa ku Zomba kudzalanda boma. Anakathera pa Liwonde, chifukwa pantoni yowolotsa pa Shire inali tsidya lina. Kuyambira apo makalaliki a ku Zomba anaphunzira kusunga pakamwa. Amalume akuti panatha zaka 30 osatchula dzina la Chipembere ngakhale m'nyumba mwawo.

Ndiye musaganize kuti mbiri ya Zomba ndi ya atsamunda okha. Makwerero aja azungu anawasiya ali chiimire, ndipo amene anakwera pamwamba anapeza zipangizo zonse zili m'malo: malamulo otsekera munthu popanda mlandu, ndende, apolisi. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa akuchokera ku nyumba ya malamulo yomweyi, nagonekedwa ku ndende ya Mikuyu, ndipo mitembo yawo inakapezeka ku Thambani ku Mwanza. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ku Gymkhana Club, kumene kale munthu wakuda ankalowa atanyamula thireyi basi, ndi kumene apolisi anakatenga mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, ku Chanco kuja, mu Seputembala 1987. Anatuluka ku Mikuyu mu 1991 osaonekera kukhoti. Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa dziko lino, anafera m'ndende yaikulu ya Zomba mu Okutobala 1992. Ndende imeneyo inamangidwa mu 1935 ndipo ikugwirabe ntchito. Mu 2016 nyimbo zimene akaidi ake anajambula zinafika pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Grammy ku America, chinthu chimene amalume atamva anangopukusa mutu. Koma ku Zombanso ndi kumene ophunzira a ku Chanco anatuluka kuguba mumsewu mu Malichi 1992, kuikira kumbuyo kalata ya maepiskopi a Katolika, pamene akuluakulu ambiri anali akadali kunong'ona.

Alendo ochokera kunja akafika amayamikira kuti tauniyi tinaisunga bwino. Ine ndimachita manyazi pang'ono ndikamva zimenezo, chifukwa chimene chinasunga Zomba ndi kusiyidwa. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 sinapitirire kudzera kuno, ndipo sinabwerenso mpaka lero. Mafakitale ndi mabanki anatsata njanji. Kenako Dr. Banda anaganiza zosamutsira likulu pakati pa dziko. Britain inakana kupereka ndalama, South Africa ya tsankho ndiyo inabwereketsa, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Zifukwa zinalipo zomveka: Zomba yapanikizika pakati pa phiri ndi madambo, ilibe kotambasukira, ndipo munthu wa ku Karonga inkamutalikira. Ena amati Kamuzu sanaiwale zimene makalaliki a kuno anachita mu 1964. Zomba anaipepesa ndi koleji ya Chanco, imene inasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga mu 1973, ndipo aphungu anapitiriza kudzakumana kuno mpaka 1994. Atachoka iwonso, panalibe wa ndalama wofuna kugwetsa nyumba yakale kuti amangepo ya magalasi. Ili ngati mayi wamkulu pamitala: mwamuna anasamukira kwa wamng'ono, iye anatsala ndi mipando yakale, mbale zakale, zonse zili pamalo pake chifukwa palibe anabwera kudzasintha kanthu.

Koma chosiyidwa chimaola. Tinayenda m'misewu yokhotakhota ya kumtunda ija, ndipo pa nyumba iliyonse yosamalika panali ina ya malata obooka, mipope ya madzi a mvula italendewera, chiswe chitakwera mafelemu, kamtengo katamera pa chumuni. M'khonde lina lalitali, momwe kale bwana ankamwera tiyi, munali mbaula ndi matumba a makala. Sindikunyoza okhalamo, munthu amakhala monga thumba lake likumulolera. Ndipo ndikudziwa kuti alipo amene amati nyumba za atsamunda zigwe, tilire chiyani. Amenewo ndimafuna nditawafunsa kuti njerwazo anaumba ndani, anasenza pamutu ndani kukwera nazo chitunda chimenechi, matabwa anacheka ndani. Dzina pakhoma ndi la Buchanan kapena mzungu wina, koma thukuta lake ndi la anthu a kwa Malemia ndi kwa Mlumbe. Zikagwa, umboni wa makwerero aja ugwera limodzi, ndipo mdzukulu adzayesa nthano.

Dzuwa litapendeka tinakwera kuphiri. Msewu wake ndi wokhota ngati njoka, ndipo m'njira mumakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi anyamata akutsetsereka ndi njinga zolemedwa ndi matabwa, phazi lili pa tayala m'malo mwa buleki. Pamwamba, kufupi ndi Ku Chawe, ana anatizungulira ndi timbale ta masitiroberi ndi magalagadeya. Nsonga yaitali ya phirili, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Mitengo ya paini imene atsamunda anadzala yatha m'malo ambiri ndi macheka ndi moto, moti mapiri ena angotsala mbee ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Malo oonera patali nawo ali ndi mayina a alendo: Queen's View chifukwa cha mayi a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957, Emperor's View chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Koma Dzenje la Chingwe linasunga dzina la eni dera, pamodzi ndi nkhani zake zoti kale ankaponyamo anthu. Tsiku lowala bwino umaona Chilwa, chisumbu cha Chisi ndi Mulanje. Ife tinaona utsi, ndi tauni ili pansi pathu ngati nyemba zomwazika pamphasa.

Amalume anali ndi zaka zisanu pamene phirili linaonetsa kuti mwini Zomba ndani. Mu Disembala 1946 kunagwa mvula ya masiku awiri osakata. Mbali ya phiri inagumuka, madzi, miyala ndi mitengo n'kutsika usiku, kukokolola milatho ndi nyumba, ndipo anthu oposa 20 anafa. Azungu analemba malipoti a kuchuluka kwa mvula. Anthu anati ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimadzilambulira chokha njira. Nyimbo ya Napolo imene a Paseli Brothers anatchukitsa inachokera pa tsoka limenelo. Anthu a ku Phalombe anadzaona zomwezo mu 1991, ndipo a ku Chilobwe mu 2023 ndi namondwe wa Freddy. Nditayang'ana mapiri ometedwa aja, ndi nyumba zatsopano zimene zikukwera m'mbali mwa phiri chaka ndi chaka, sindinafune kuganiza zambiri. Amalume ndiwo ananena: "Napolo sanafe, mphwanga. Akungogona."

Potsika anandipempha kuti tidzere kumalayini kumene ankakhala. Tinasochera kawiri, chifukwa pamene iwo ankakumbukira munda wa chimanga pali mashopu ndi malo oonetsera mpira. Tauniyi tsopano ili ndi anthu oposa 100,000, ndipo ambiri ali ku Chinamwali, ku Matawale, ku Chikanda, ku Sadzi, kumene mlendo wojambula safikako. Pomaliza tinaipeza: kanyumba ka zipinda ziwiri, khitchini yapanja, mtengo wa mango umene akuti anadzala okha chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Mayi amene akukhalamo pano anatuluka akupukuta manja pachitenje. Atamva nkhani yathu anagwada, nati, "Lowani agogo, ndi kwanu kuno." Amalume sanalowe. Anagwira thunthu la mango uja ndi manja awiri, n'kufunsa ngati ukubalabe. Mayiyo anati ukubala, ana a m'dera lonselo amadya pomwepo. Anatipatsa madzi akumwa m'kapu ya pulasitiki, tinatsazika.

Tinadutsanso pa nsanja ya Keyala kukuda, magetsi a ku ndende atayaka kale. Pofika pa Thondwe amalume anali atagona, timbale ta masitiroberi tili pamiyendo.

Ngati kwanu kuli nkhalamba imene inagwirako ntchito ku Zomba, kaya ya usilikali, ya umesenjala, ya ukhukhi kapena ya uphunzitsi, musadikire maliro kuti mudzamve mbiri yake kwa olalikira. Ithireni mafuta galimoto kapena ikwezeni minibasi. Kuchokera ku Limbe ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka. Mukafika muyambire kumsika, muzikwera pang'onopang'ono, ndipo muziisiya iyo itsogole.